Amisiri anzanga, chaki ya lathe sagula ngati tomato wa pamsika

A Mkonzi,

Ndiloleni kadanga m'nyuzipepala yathuyi ndilankhuleko ndi amisiri anzanga a matabwa, makamaka aja ogwira lathe, makina aja ozungulitsa mtengo iwe nkumausema ndi tchizulo mpakana patuluke mwendo wa tebulo kapena mbale. Ndikudziwa kuti tsamba lino kumachuluka ndi za ndale, za feteleza, za mafuta, nde ena aona ngati nkhani yangayi ndi yochepa, koma kwa ife amene ana athu amadya kuchokera mu utuchi si yochepa olo pang'ono. Nkhani yake ndi ya chaki, chitsulo chija chimamangidwa kutsogolo kwa shafiti kuti chizigwira mtengo ukamazungulira.

Chandilembetsa ndi mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa ntchito ndekha. Mwana wakhama, wa dzanja labwino, anatsegula shedi yake chaka chatha ndipo ndinasangalala. Ndiye anapita kwa ogulitsa zitsulo zakale nkukapeza chaki ya zibwano zitatu yochokera pa lathe ya zitsulo, yolemera bwino, yowala, mtengo wakenso wabwino, owotcherera nkumulumikizira pa shafiti ya makina ake. Tsiku lina akupanga mbale ya mbawa, tchizulo inangokodwa pang'ono basi, mbale ija kuzuka pa chaki nkumumenya pamphumi. Anakamusoka kuchipatala. Diso linapulumuka ndi mpata wa chala chimodzi. Nditapita kukamuzonda mawu ake oyamba anali oti koma bambo ndinamangatu kwambiri, ndinachita kukanikiza kiyi ndi manja awiri. Ndipo ndikumukhulupirira kuti anamangadi, vuto silinali mphamvu za manja ake ayi, vuto ndi loti chaki imeneyo siyinapangidwire mtengo.

Chitsulo nchouma, zibwano zitatu zikachiluma chimakhala pomwepo sichisintha. Mtengo ndi wina, uli ndi mitsempha, umafinyika. Zibwano za chaki ya zitsulo ndi zowonda kunsonga, zimakhudza mtengo malo atatu okha ang'onoang'ono, nde ukamanga zimangolowa mu mtengo muja nkuuphwanya, iwe nkumaona ngati wagwira pomwe ukamawonjezera kumanga ndi pomwenso ukuwonjezera kuphwanya. Makina akayamba kunjenjemera timaenje tija timakula, mtengo umayamba kugwedera osaoneka ndi maso, kenako tchizulo ikangokodwa kamodzi zatha. Kuwonjezera apo zibwano zake zimatuluka kunja ngati masitepe, ndipo wosema mtengo manja ake amakhala pafupi kwambiri ndi chaki, osati ngati wa zitsulo amene amangopukusa mahandulo ali chapatali. Chala kapena mkono wa malaya zikakhudza pamenepo palibe kupepesa. Komanso mtengo wathu timaucheka wa mbali zinayi, zibwano zitatu zigwira bwanji chinthu cha makona anayi?

Chaki ya mtengo yeniyeni ili ndi zibwano zinayi, ndipo chibwano chilichonse ndi chopindika ngati chidutswa cha bakuli, zonse zinayi zikakumana zimapanga mkombero wathunthu wokumbatira mtengo mozungulira. Ukapotokola kiyi malo amodzi zonse zinayi zimayenda limodzi, mtengo umadzikhalira wokha pakati. Apa chenjerani, iliponso ya zibwano zinayi ina yomwe chibwano chilichonse umamanga pachokha pachokha, imeneyo ndi ya anzathu a zitsulo ndithu, ena amaiika mu katoni ya lathe zotchipa nkumati ndi mphatso. Mukafika pogula potokolani kiyi muone, ngati chayenda chibwano chimodzi zinzake zili duu, isiyeni.

Tsono pali chinthu china chimene chimadyetsa anthu ndalama zambiri kuposa china chilichonse, mazinga a shafiti, mizere ija yonga ya pa bawuti imene chaki imapotokoleredwapo. Ine ndemwe zinandichitikira ndipo mpaka lero zimandiwawa chifukwa inali ndalama ya fizi ya mwana imene ndinabwereka ndili ndi chikhulupiriro choti ibwerera msanga. Ndinatuma mlamu wanga ku Johannesburg kuti andigulire chaki, ndinangomuuza kuti ya lathe ya matabwa, yapakatikati. Anagula yabwino ndithu, inabwera pa basi, ine kuitenga kuti ndiipotokolere pa shafiti, inalowa kamodzi nkumalobodoka, kenako kukana. Shafiti yanga ndi ya mainchi, chaki inali ya mamilimita. Safunsa anadya phula, akuluakulu sananame.

Nkhani yake ili chonchi. Ma lathe a matabwa alibe muyezo umodzi wa mazinga padziko lonse. Ang'onoang'ono ambiri, makamaka opangidwira msika wa ku America komanso ambiri ochokera ku China, shafiti yake ndi inchi imodzi kunenepa, mazinga 8 pa inchi iliyonse, amalemba 1" x 8 TPI. Akuluakulu a ku America ndi 1¼" x 8 TPI. Ku Ulaya wofala masiku ano ndi M33 x 3.5, kutanthauza kuti shafiti ndi mamilimita 33 ndipo kuchoka pa zinga limodzi kufika pa linzake ndi mamilimita 3.5. Makina akale ambiri a ku Britain, monga a Record Power akale aja, ndi ¾" x 16 TPI. Ilipo inanso monga M30 x 3.5. Ndiye poti makina athu kuno amabwera kuchokera kulikonse, ena m'makontena a katundu wogwiritsidwa kale ntchito, ena abale atitumizira, ena tapanga tokha, palibe amene angakuuzeni muyezo wanu asanaione shafiti yanu.

Awiri amene amapusitsa kwambiri ndi 1¼" ndi M33. Inchi ndi kota ndi mamilimita 31.75, winayo 33, kusiyana kwake sikufika olo milimita imodzi ndi theka, ndi maso simungaone. Mazinga ake winayo 3.175 winayo 3.5. Nde munthu amatha kukakamiza nkumati ndi dzimbiri chabe, atenge sipanala atenge hamala, mapeto ake waononga mazinga a shafiti, ndipo shafiti ikaonongeka mwaononga mtima wa makina onse. Chaki yoyenera imalowa ndi dzanja lokha mofewa mpaka kukagunda paphewa la shafiti, kukhala phwathalala popanda mpata. Ikafuna sipanala kuti ilowe ndiye kuti si yake.

Kuyeza kwake sikovuta. Bwerekani veniya kwa anzathu okonza injini muyeze kunenepa kwa shafiti pamwamba pa mazinga, mukapeza cha m'ma 25 ndi inchi imodzi, cha m'ma 19 ndi ¾, ndipo musadabwe nambala ikaperewera pang'ono chifukwa nsonga za mazinga zimakhala zodyeka. Kenako ikani rula m'mbali muwerenge mazinga angati pa inchi imodzi. Ngati maso akuvuta, pakani girisi pang'ono pa mazingapo nkudindapo pepala loyera, mizere ituluka bwinobwino muwerengere patebulo. Lembani manambalawo, jambulani ndi foni shafiti ili ndi veniya pomwepo, jambulaninso kachitsulo kaja kolembedwa dzina ndi nambala ya makina, zonsezo tumizani pa WhatsApp kwa amene akukugulirani. Zimenezi ndi mphindi 10 zokha.

Ndipo ngati mungathe, gulani chaki yokhala ndi insert. Kameneka ndi kachitsulo kolowa kumbuyo kwa chaki, kunja kwake mazinga a chaki, mkati mwake mazinga a shafiti yanu. Ubwino wake mawa mukagula makina ena mungosintha kachitsuloko chaki nkukhala yomweyo. Kungoti insert ya kampani ina siilowa pa chaki ya kampani ina, muzigulira limodzi. Yanga ija inalibe, mazinga anachita kudulira pa thupi la chaki lenilenilo, nde chinandipulumutsa ndi mkulu wina wa lathe ya zitsulo amene anandidulira adaputa. Zinatheka, koma ndinene mosabisa kuti adaputa imatalikitsa chaki kuchoka pa mabeyaringi ndipo ikadulidwa mokhota olo pang'ono chinthu chonse chimavina. Ikhale yodulidwa pa makina ndi munthu wodziwa, osati nati yowotcherera pa paipi. Zowotchererazo sizikhala pakati ngakhale wowotcherayo akhale katswiri chotani, moto umakoka chitsulo.

Za mayina a makampani sindilimbikira kwambiri, aliyense ndi thumba lake. Odziwika ndi Nova ya kampani ya Teknatool ya ku New Zealand, Vicmarc ya ku Australia, Oneway ya ku Canada, komanso Axminster, Record Power ndi Robert Sorby a ku Britain. Zilipo zina zopanda dzina lodziwika zotsikirapo mtengo ndipo zina mwa izo zimagwira ntchito ndithu, bola muigwire m'manja, mutsegule zibwano theka nkuzigwedeza, zikamachita gwedegwede ikadali yatsopano ndiye kuti pakatha miyezi ingapo zidzanyanya. Tsekani mpaka kumapeto muone ngati zonse zinayi zikukumana mofanana. Funsaninso ngati zibwano zina zamitundu ina zimapezeka, poti za kampani ina nthawi zambiri sizilowa pa ina, mabowo a masikuluwu amasiyana.

Kukula kwake nakonso. Ife timakonda chachikulu, timati cholemera ndiye cholimba, koma chaki yaikulu pa lathe yaing'ono ndi katundu wosenzetsa mwana. Mota imavutika podzuka, mabeyaringi amatha msanga, ndipo imakudyerani malo. Lathe yoti mbale yake yaikulu kwambiri ndi masentimita 25 kapena 30, chaki ya mamilimita 90 mpaka 100 yakwana. Zazikulu zija ndi za makina olemera opangira mabeseni. Pali zomanga ndi kiyi imodzi, pali zomanga ndi timitengo tiwiri tachitsulo. Za timitengo ndi zotchipirapo ndipo zimamanga msanga, koma zimafuna manja awiri pomwe dzanja lina likufunikanso kugwira mbale, nde kwa munthu wogwira yekha ya kiyi ndi yabwino. Kiyiyo musamaisiye pa chaki olo kwa kanthawi, makamaka kuno kumene magetsi amatha kuthima uli pakati pa ntchito, iwe nkuiwala kuzimitsa switchi, uyambe kumasula mbale, magetsi aja kubwera mwadzidzidzi. Akathima, choyamba ndi switchi.

Koma ngakhale mutagula chaki yabwino chotani, ngati simudziwa kusema pogwirira pake ikuponyerani mbale kumaso chimodzimodzi, ndipo apa ndi pamene ndimafuna achinyamata amvetsetse. Pansi pa mbale timasema katenoni, kachitsa kozungulira kotuluka koti zibwano zilume. Zibwano zambiri zobwera ndi chaki ndi za mamilimita 50 ndipo mkati mwake ndi mopendekeka ngati dovetail ija timapanga pa madirowa, nde tenoni nayonso iyenera kupendekeka chimodzimodzi, yotakata kunsonga yowonda kutsinde, kuti ikalumidwa isathe kusololoka. Ukasema yowongoka pa zibwano zopendekeka zimangogwira ndi kamlomo kokha. Zilipo zibwano zina zowongoka zokhala ndi timano, zimenezo ndiye zimafuna tenoni yowongoka. Yang'anani zanu kaye musanaseme.

Chachiwiri, tenoni isatalike mpaka kukagunda pansi pa chaki. Ambiri amaganiza kuti ikakhala yaitali ndiye igwira kwambiri, ayi, mphamvu yeniyeni ili paphewa, pamene thupi la mbale likutsamira pamwamba pa zibwano. Phewa limenelo likhale losalala ndi laukhondo, likhudze zibwano zonse zinayi popanda mpata woti nkulowetsa pepala. Tenoni ikagunda pansi phewa limakhala m'malere ndipo mbale imapendama uku ndi uku. Chachitatu ndi kunenepa kwake. Zibwano zija zimapanga mkombero weniweni pamene zatsala pang'ono kutsekeka, mpata wa mamilimita ochepa pakati pawo. Mukazitsegula kwambiri kuti zilume tenoni yaikulu, zimangogwira ndi makona, malo 8 ang'onoang'ono, mwabwereranso ku vuto la zibwano zitatu lija. Ndiye semani tenoni molingana ndi zibwano zanu, ine ndinadula kachidutswa ka pulayiwudi ka muyezo wake kamakhala pa msomali pafupi ndi makina. Ndipo zibwano za 50 zili ndi malire ake, tenoni izikhala cha m'ma gawo limodzi mwa magawo atatu a kukula kwa mbale, kotero beseni lalikulu limafuna zibwano zazikulupo.

Njira ina ndi yosema dzenje pansi pa mbale zibwano nkutsegukira kunja. Imasiya pansi pooneka bwino, koma ili ngati chitsulo chokhomera powaza nkhuni, ikukankha mtengo kuti ung'ambike, nde pamafunika mnofu wokwanira kuzungulira dzenjelo. Pa paini ndi malaina ine sindiyerekeza. Mlombwa ndi mbawa wouma bwino zimapirira. Mtengo wauwisi ngati mango wongodula kumene umafinyika ukamagwira ntchito, muziimitsa makina pafupipafupi nkumangitsanso. Mtengo wa mng'alu kapena wofumbwa pamalo a tenoni, dulani mutaye mbali imeneyo basi. Ndipo nthawi zonse pamene malo alipo, kankhirani tailstock, mbali ija ya makina yokhala ndi nsonga yotsamiza mtengo kumapeto kwinako, kuti izithandiza kugwira mpaka mutafika poti simungachitire mwina.

Za liwiro sindingazisiye chifukwa ndi zimene zinakulitsa ngozi ya mnyamata uja. Ma lathe opanga tokhawa timatenga mota iliyonse yapezeka. Pa magetsi athu mota zambiri zimazungulira cha m'ma 1,400 pa mphindi, zina cha m'ma 2,800. Yake inali ya 2,800 ndipo mapule onse awiri, magudumu aja oyendapo lamba, anali ofanana. Mbale ya masentimita 25 pa liwiro limenelo mlomo wake ukuthamanga kupitirira makilomita 130 pa ola, taganizani chipika cha mbawa chikuchoka pa liwiro limenelo kulunjika pankhope. Lamulo limene amisiri ambiri amatsata ndi loti kukula kwa mbale m'mainchi kuchulukitsa ndi liwiro kuzikhala pakati pa 6,000 ndi 9,000, ndiye mbale ya mainchi 10 izizungulira 600 mpaka 900, ndipo ikakhala yosasemedwa yolemera mbali imodzi yambani pansi kuposa apo. Ndi nkhani ya mapule chabe, mota ya 1,400 muike pule ya masentimita 5, ku shafiti ya masentimita 10, mwapeza 700. Poyatsa imani pambali osati kutsogolo kwa mbale. Chotchinga nkhope yonse chigulidwe tsiku lomwelo mukugula chaki, magalasi okha sateteza mphumi ndi mano. Amene makina awo amatha kuzungulira chobwerera, dziwani kuti chaki imamasuka yokha ikamabwerera pokhapokha pali kasikuluwu kokanikiza pa shafiti.

Tsono ndinene chimene ogulitsa sangakuuzeni. Ambiri a ife chaki sitikuifuna nkomwe. Ngati ntchito yanu ndi miyendo ya matebulo, ya mabedi, zogwirira makwerero, mipini, mtengo umagwidwa ndi nsonga ziwiri uku ndi uku, chaki ilibepo ntchito. Olo mbale, anthu akhala akusema kwa zaka mazanamazana popanda chaki zimenezi, zinayamba kufala cha m'ma 1980 momwemu. Faceplate, chimbale chachitsulo chija chokhala ndi mabowo, imagwira mwamphamvu kuposa chaki iliyonse ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri, bola masikuluwu akhale enieni a matabwa onenepa bwino, osati akuda aja a siling'i, amenewo ndi ouma amathyoka ngati galasi. Simukufuna mabowo pansi pa mbale? Matani kachipika ndi guluu, masikuluwu alowe mu kachipikako, mukamaliza mudule. Pomalizitsa pansi semani chipika china choti mbale ilowe mothina nkukankhira tailstock. Chaki chimene imakupatsani ndi changu, kuchotsa ndi kubwezera msanga, nde ngati muli ndi oda ya mbale zambiri kapena timabokosi ta zivindikiro ndalama yake ibwerera. Ngati mbale mumapanga imodzi pamwezi, ndalamayo gulirani tchizulo zabwino ndi mwala wonolera.

Pempho langa kudzera mwa inu a Mkonzi lipite kwa aphunzitsi a m'makoleji a ntchito zamanja ndi a TEVETA, kuti pamene mukuphunzitsa za lathe muzitengako kanthawi pa kagwiridwe ka mtengo ndi kayezedwe ka mazinga, ndiponso muzitikumbukira ife ophunzirira m'mashedi amene ndife ochuluka, olo tsiku limodzi lokha pachaka kutiitana kudzaona zinthuzi ndi maso. Eni mahadiweya nanunso, mukaitanitsa ma lathe itanitsaninso ma faceplate ndi ma insert ake, ndipo lembani muyezo wa mazinga pa katoni poonekera kuti wogula asamachite kulota.

Mnyamata uja wachira, chipsera chokha ndi chimene chatsala. Loweruka lapitali tinadula chaki ya zitsulo ija pa shafiti yake, tatumiza shafiti kuti akaidule mazinga a 1" x 8, ndipo tasintha pule. Pakadali pano ndamubwereka faceplate yanga yakale kuti amalize oda ya mbale 12 imene inaima atavulala, mwini wake akuzifuna mwezi uno usanathe.

Ndine wanu,
Mmisiri wa matabwa,
Lilongwe